Kupirira Chilala: Phunziro la Zamoyo za m'Malo Ouma

KUSANACHE bwino m'chipululu cha Namib, kachikumbu kakuda kamatuluka mumchenga ndi kuyamba kukwera chitunda. Popeza kumakhala kozizira, iko kamayenda mwapang'onopang'ono. Katafika pamwamba, kamazolika mutu, kutukula mbuyo yake kuloza kumphepo yochokera kunyanja, ndi kuima duu. Kodi kamayembekezera chiyani? Madzi akumwa, m'dziko limene mvula siidziŵika kwenikweni.

2 Kalekale Yobu, ali pakati pa mavuto, anauza mabwenzi ake kuti nyama ndi dziko lenilenilo zikhoza kuwaphunzitsa za Mlengi. (Yobu 12:7-9) Uphungu umenewo ngwofunikabe. Mu 2024, Zambia, Malaŵi, ndi Zimbabwe analengeza kuti chilala chadzetsa tsoka m'maiko awo, ndipo mabanja ambiri anaona chimanga chawo chikufota chisanabereke. Ena chilala chawo nchamtundu wina: matenda osatha, ulova, kapena imfa ya wokondedwa. Kodi zomera ndi nyama za m'malo ouma zingamphunzitsenji Mkristu wofuna kusunga chikhulupiriro chake chili chamoyo?

1, 2. Kodi nchifukwa ninji kulingalira zamoyo za m'malo ouma kuli kwa panthaŵi yake?

Kutunga Pang'onopang'ono

3 Chipululu cha Namib nchotalika makilomita pafupifupi 2,000 m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic, kuyambira ku Angola, kudutsa Namibia, kufika ku South Africa. M'mbali zina za kugombe mvula siikwana mamilimita 20 pachaka. Komabe, madzi ozizira a mkokomo wa m'nyanja wotchedwa Benguela amaziziritsa mpweya wachinyontho, ndipo nkhungu imaloŵa kumtunda usiku ndi mbandakucha. Nkhungu imeneyo ikakhudza msana wa kachikumbu kaja, timadontho timaundana ndi kutsetserekera kukamwa kwake. Ofufuza anapeza kuti m'maŵa umodzi kangamwe madzi ochuluka poyerekezera ndi kulemera kwa thupi lake.

4 Kachilombo kameneka sikadikira chimvula. Kamatenga chochepa chimene chilipo, panthaŵi imene chilipo, pakuti dzuŵa likakwera nkhungu imazimiririka. Mofananamo, Aisrayeli m'chipululu anafunikira kutola mana m'maŵa uliwonse dzuŵa lisanawasungunule. (Eksodo 16:21) Mkristu wolemedwa ndi ntchito angamayembekezere tsiku limene adzapeza maola ambiri a kuŵerenga Baibulo, koma tsiku lotero kaŵirikaŵiri silifika. Mavesi oŵerengeka osinkhasinkhidwa asanapite kumunda, ndi pemphero lochokera mumtima ali panjira, zingaoneke kukhala zazing'ono. Komatu madontho otero ndiwo amasunga moyo.

3, 4. (a) Kodi kachikumbu ka ku Namib kamapeza motani madzi? (b) Kodi Mkristu wotanganidwa angaphunzirepo chiyani?

Kusunga Madzi, Kutaya Masamba

5 M'zigwa zotentha za Zambezi, Luangwa, ndi Shire, mvula imagwa kwa miyezi ingapo ndiyeno nkuleka kwa nthaŵi yaitali. Mlambe umalimbana ndi mkhalidwe umenewu m'njira ziŵiri. Thunthu lake lalikulu nlofeŵa mkati ndipo limasunga madzi ochuluka. Ndiponso, chilimwe chikayamba, mtengowo umayoyola masamba ake onse, motero kutseka njira yaikulu imene madzi akanatayikira. Mvula ili pafupi kuyamba, umagwiritsira ntchito madzi osungidwawo kuphukitsa masamba atsopano.

6 Mneneri Yeremiya anayerekezera munthu wodalira Mulungu ndi mtengo umene mizu yake yafika pamadzi, umene chaka cha chilala sichiusoŵetsa mtendere. (Yeremiya 17:7, 8) Kudalira kotero sikumabadwa tsiku la tsoka. Kumasonkhanitsidwa m'masiku abwino, mwa kuphunzira ndi mwa kusonkhana ndi okhulupirira anzake. Ndipo nthaŵi zikavuta, wanzeru amadziŵa masamba oyenera kutaya. Banja lingaleke zinthu zina zimene linazoloŵera m'malo mwa kuloŵa m'ngongole yosatha kubweza, kapena m'malonda achinyengo amene angawononge chikumbumtima. Mlambe wopanda masamba suoneka bwino, koma uli moyo.

7 Komabe pali chenjezo. Mu 2018, asayansi amene anapima zaka za milambe ya mu Afirika anafalitsa kuti 9 mwa mitengo 13 yakale koposa inali itafa, kapena mbali zake zakale koposa zinali zitagwa, m'zaka 12 zokha. Umodzi wa iyo, wa ku Zimbabwe, unali ndi zaka zoposa 2,400. Iwo anaganizira kuti kusintha kwa nyengo kungakhale kunathandizira zimenezo. Chotero kupirira zilala zambiri kumbuyoku sikutsimikizira kupirira chotsatira. Mtumwi Paulo anachenjeza awo odziyesa olimba kuti asamale kuopera kugwa. (1 Akorinto 10:12) Ngakhale amene atumikira Mulungu kufikira imvi amafunikirabe kumwa, ndipo amafunikira chisamaliro cha mpingo.

5-7. Kodi mlambe umapereka chitsanzo chotani, ndipo chenjezo lotani?

Chooneka Chakufa Chingaphukenso

8 Pamatanthwe a kummwera kwa Afirika, pamene dothi lili lochepa kwambiri kwakuti silisunga madzi, pamamera kachitsamba kamene Ashona amakatcha mufandichimuka. Iko sikasunga madzi monga mlambe. M'malo mwake, kamalola kuuma. Masamba ake amapindika ndi kuda, ndipo kwa miyezi yambiri kamaoneka ngati nkhuni. Koma mkati mwa maselo ake muli mitundu ya shuga ndi zinthu zina zimene zimawatetezera kuti asawonongeke. Mvula itagwa, m'maola oŵerengeka masambawo amatambasuka ndi kubiriŵiranso.

9 Yobu anaona kuti ngakhale chitsa chokalamba chimaphuka chikangomva chinyontho. (Yobu 14:7-9) Pafupifupi mumpingo uliwonse muli wina amene anafota chifukwa cha chisoni, manyazi, kapena kukhumudwa, naleka kusonkhana. Nkosavuta kumuŵerengera pakati pa nkhuni. Koma ndani angaone za mkati mwa mtima? Paulo analangiza ofikapo mwauzimu kubweza wolakwa mofatsa. (Agalatiya 6:1) Kucheza kumodzi kopanda chidzudzulo, kapena thumba la ufa loperekedwa mwakachetechete, kungakhale mvula yoyamba kwa munthu wotero.

8, 9. Kodi nchifukwa ninji mpingo suyenera kutaya mtima ndi wofooka?

10 M'zidikha zamiyala za Namib mulinso Welwitschia, chomera chimene Friedrich Welwitsch wa ku Austria anachipeza kummwera kwa Angola mu 1859. Icho chimakhala ndi masamba aŵiri okha kwa moyo wake wonse, umene ungapose zaka 1,000. Mphepo ndi dzuŵa zimang'amba ndi kupsereza nsonga za masambawo, koma iwo amapitirizabe kukula kuchokera patsinde. Paulo analongosola Akristu mofananamo: thupi limanka likutha, koma munthu wamkati amakonzedwanso tsiku lililonse. (2 Akorinto 4:16) Mlengi sanachotse chipululu kuti zamoyo zimenezi zikhale ndi moyo. Anazipatsa njira ya kukhalamo. Kodi angalephere kuchita zofananazo kwa anthu amene amamfunafuna?

10. Kodi zamoyo za m'chipululu zimapereka chitsimikiziro chotani?

Kodi Mukukumbukira?

□ Kodi nchifukwa ninji sikwanzeru kudikira nthaŵi yochuluka ya kuphunzira?

□ Kodi ndi “masamba” otani amene banja lingataye m'nthaŵi yovuta?

□ Kodi wofota mwauzimu angathandizidwe motani?