Kalulu, Kamba ndi Dzina la pa Intaneti

Padangokhala Kalulu ndi Kamba, ndipo onse awiri ankagulitsa nsomba zouma ku Kafue, pafupi ndi mlatho wa msewu wochokera ku Lusaka. Tsiku lina adamva kuti eni malo odyera ku Lusaka masiku ano amafufuza katundu pa foni, choncho adapita kwa Kadzidzi, mmisiri wa mawebusayiti. Unali mwezi wa Januwale.

Kalulu adakhuthula thumba lonse patebulo. "Ndikufuna yonyezimira, aKadzidzi. Muikemo mavidiyo a mabwato, ngakhale mlatho wa njanji wa 1906 uoneke!" Za zikalata sadafunse. Dzina la webusayiti lidalembetsedwa kwa Kadzidzi yemweyo.

Kamba, mwa chikhalidwe chake, adachedwa kutulutsa mutu. "Pepani akulu, mbuzi munthu amagula kamodzi koma imadya tsiku ndi tsiku. Nanga ichi chimadya chiyani?"

Kadzidzi adafotokoza kuti dzina, kaya ndi la .com kaya la .zm lomwe amayang'anira a ZICTA, salipira kamodzi n'kuiwala, limafuna ndalama nthawi yake ikakwana. Malo osungira webusayiti nawo ndi alendi, ndipo makampani akunja amatchaja m'madola, kwacha ikagwa mtengo umakwera. Palinso mabando a intaneti, ndiponso wokonza zikavuta.

Kamba adasankha ya masamba atatu okha: mitengo ya nsomba, zithunzi zochepa ndi nambala ya Airtel Money. Adaumirira kuti dzina lilembedwe kwa iye mwini. Sabata iliyonse ankaponya kangachepe m'chitini chomwe mkazi wake ankabisa, pakuti Kamba ankadziwanso kufooka kwa mtima wake akaona chibuku.

Miyezi idayenda bwino, ndipo kunena zoona, Kalulu ndiye adapeza makasitomala ambiri. Koma pa 1 Disembala boma limatseka usodzi mpaka kutha kwa Febuluwale kuti nsomba ziswane. Januwale adapeza Kalulu ali chimanjamanja, ana akufuna mayunifomu. Makalata okumbutsa za dzina ankapita kwa Kadzidzi, amene anali atasamukira ku Kitwe. Webusayiti idazima, ndipo masiku odikira atatha, Fisi adaligula dzinalo.

Usodzi utatsegulidwa, makasitomala a Kalulu adayamba kutumiza ndalama kwa Fisi, iye n'kumawatumizira nsomba zofumbwa. Matemberero onse ankagwera Kalulu.

Adathamangira kwa Kamba thukuta lili kamukamu. "Achimwene, ndibwerekeni ya m'chitini ija, Fisi akuti andigulitsa dzina langa lomwe!"

"M'chitini mwayera, mphwanga, ndidalipira zaka ziwiri nthawi imodzi," adatero Kamba. "Koma ndili ndi maoda a ku Chilanga ndi ku Kabwata, ndipo miyendo yanga mukuidziwa. Nyamulani dengu ilo, tigwirizane za malipiro mukabwerako."