Kodi Wozunzidwa Angasanduke Wozunza?

Werengani Luka 9:51-56. Kodi Yesu anawadzudzuliranji Yakobo ndi Yohane?

M'chaka cha 1630, khamu la a Puritan linachoka ku England ndi kukakhazikika ku Massachusetts, kuti likapembedze Mulungu monga mwa chikumbumtima chawo. Iwo anadziwa kuwawa kwake kwa chizunzo. Koma mu 1656, pamene Mary Fisher ndi Ann Austin, a gulu la Abwenzi lotchedwa Quakers, anafika ku Boston, a Puritan omwewo anatentha mabuku awo, nawatsekera m'ndende, nawapirikitsa. Mu 1658 anakhazikitsa lamulo lakuti wa Quaker wopirikitsidwa akabwereranso aphedwe. Anthu anayi ananyongedwa kuyambira 1659 kufikira 1661, ndipo mmodzi wa iwo anali Mary Dyer, amene anaphedwa pa 1 June 1660.

Tisafulumire kuwaweruza monga anthu osaopa Mulungu. Anali owerenga Baibulo tsiku ndi tsiku, ndipo anayesa kuti akutchinjiriza nkhosa kwa mimbulu. Cholakwa chawo chinali ichi: anafuna ufulu wa choonadi chawo chokha, osati ufulu wa chikumbumtima cha munthu aliyense. Koma chingwe sichitembenuza mtima. Chikhulupiriro chokakamiza chimabala onyenga kapena ofera chikhulupiriro; sichibala ophunzira.

William Penn, wa Quaker amene anamangidwapo ku London chifukwa cha chikhulupiriro chake, anasankha njira ina. Atalandira dziko la Pennsylvania kwa Mfumu Charles II mu 1681, anatsegula khomo kwa a mipingo yosiyanasiyana. Chikalata chake cha 1701 chinalonjeza kuti munthu wovomereza Mulungu mmodzi sadzavutitsidwa chifukwa cha chipembedzo chake, kapena kukakamizidwa kuthandiza mpingo umene saukhulupirira. A Mennonite, a Lutheran ndi ena ambiri anapeza mpumulo kumeneko.

Komabe ufulu wa Penn nawonso unali ndi malire. Maudindo a boma anali a Akhristu okha, ndipo malamulo a 1682 analamula kuti anthu aleke ntchito tsiku loyamba la sabata. Ngakhale munthu wabwino amavutika kuona pamene chizolowezi chake chasanduka goli pa khosi la mnzake.

Apa mpamene nkhaniyi itikhudza ife. Nkosavuta kulira ufulu pamene tili ochepa, pamene mwana wathu auzidwa kulemba mayeso pa Sabata. Yeso lenileni limadza pamene mphamvu ili m'manja mwathu: m'banja, pa sukulu ya mpingo, pa ntchito pamene ife ndife olamula. Mulungu, amene ali ndi mphamvu zonse, amaitana ndi kuchonderera, koma sathyola chitseko.

Taganizirani: Kodi alipo wina pansi pa ulamuliro wathu amene amapembedza chifukwa choopa ife, osati chifukwa chokonda Mulungu? Nanga tidayamba taimapo kuteteza ufulu wa munthu amene tikukhulupirira kuti ndi wosochera?