Kavalo akapambana, apume liti?

Ku Avondale akavalo a mpikisano timangowaonera pa kanema, koma mkangano wake ngwodziwika kwa aliyense amene anakulira pafupi ndi khola: chiweto chopambana uchisiye pa ntchito, kapena uchipatule chikhale cha mbewu? Woonerera ndi woweta sagwirizana, ngakhale onse amatchula Ipi Tombe, kavalo wamkazi wobadwira ku Zimbabwe mu 1998, amene anapambana mipikisano ya Durban July mu 2002 ndi Dubai Duty Free mu 2003, kenako anavulala ali ku America n'kusiya liwiro.

Woonerera amati: "Bambo, mukamati kavalo wapuma mumatiphimba m'maso. Ipi Tombe anavulala, tikumva. Nanga Secretariat? Anasiya mu 1973 ali ndi zaka 3 zokha, miyendo ili gwa, chifukwa mbewu yake inali itagulidwa kale pa madola 6.08 miliyoni. Frankel anathamanga ka 14 osagonja, mu 2012 munamutsekera kuti kukwera kavalo wamkazi mmodzi kuzibweretsa mapaundi 125,000. Amene wapuma ndi thumba lanu." Woweta sapsa mtima. "Inu achimwene, mwaonapo mwendo wa kavalo pafupi? Thupi la makilogalamu 500 limatsamira pa fupa limene dzanja lingalizungulire, akuthamanga makilomita 60 pa ola. Eight Belles anamaliza wachiwiri pa Kentucky Derby mu 2008, atangodutsa mzere akakolo onse akutsogolo anathyoka, anamupha pomwepo anthu akuona. Mukufuna tidikire zimenezo?"

Pa mwendo woweta ali ndi mfundo, ndipo woonerera amaiwala kuti iye sataya kanthu fupa likathyoka, amangosintha tchanelo. Kupatula kavalo akadali wamphamvu si kulakwa, ngakhale chifukwa chake chikhale ndalama, pakuti pano ndalama ndi chifundo zayenda njira imodzi. Koma zimasiyana msanga. Malamulo a akavalo a mpikisano ngati amenewa amakana kubereketsa ndi jakisoni, motero wamphongo wotchuka amakwera akazi oposa 100 pa nyengo imodzi, ena n'kutumizidwanso ku Australia kukayamba nyengo ina. Wamkazi amasenza bere miyezi 11, chaka ndi chaka. Imeneyi ndi ntchito, tisaitche mpumulo. Wina anganene kuti nkhunzi ya kumudzi nayonso sipuma, ndipo n'zoona, koma mwini nkhunzi sanenapo kuti akuilemekeza.

Choncho ndikuvomera woweta pa tsiku lochotsa kavalo pa bwalo, koma ndikumufunsa za tsiku lina limene iye satchula, pamene ana a kavaloyo alephera kuthamanga ndipo mtengo wa mbewu wagwa. Ferdinand anapambana Kentucky Derby mu 1986, mbewu yake sinakondweretse ogula, anagulitsidwa ku Japan, ndipo atolankhani atamufunafuna anapeza kuti cha mu 2002 anathera kophera nyama.