Ufa tam'patsa, nanga womuyankhulira?

Zipolowe za chisankho zitabuka ku Mozambique kumapeto kwa 2024, anthu zikwizikwi anaoloka Shire ndi Ruo pa mabwato n'kulowa m'boma la Nsanje, ndipo boma linawasonkhanitsa ku Nyamithuthu. Anthu a pa Bangula, m'boma lomweli, sanadabwe. Makolo awo analandira othawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, ndipo mu 2019 namondwe wa Idai anadzaza msasa wa pa Bangula ndi anthu a mbali zonse ziwiri za malire.

Kugawana ufa ndi mlendo, chigwa cha Shire chimadziwa. Nkhani imavuta mlendoyo akagwidwa alibe mapepala, aboma n'kunena kuti abwezedwe kwawo. Kodi msonkho wa Amalawi ulipire loya wake?

Okana ali ndi mfundo. Legal Aid Bureau, yomwe imapereka maloya a boma kwa osowa ndipo inayamba ntchito mu 2015, ili ndi maloya ochepa, pomwe mbadwa zambiri zikudikirabe milandu yawo m'ndende. Amafunsa kuti mwana wa pakhomo agone ndi njala chifukwa cha wapaulendo?

Koma chilungamo sichigawidwa ngati chimanga cha thandizo, chomwe chimayamba ndi olembedwa m'kaundula. Pabwalo la nyakwawa, ngakhale wobwera amapatsidwa mpata wofotokoza mbali yake mlandu usanagamulidwe. M'Baibulo, Paulo anapulumuka chikwapu ku Yerusalemu chifukwa anali nzika ya Roma. Wothawa kwawo alibe dziko loti alitchule, ndipo dziko lakelo mwina ndi lomwe likumusaka. Woweruza akalakwitsa pa mlandu wa mbuzi, apilo ilipo. Akalakwitsa pobweza munthu kwa omwe anawathawa, apiloyo idzam'peza kuti?

Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu wa loya wolipiridwa ndi boma kwa munthu aliyense womangidwa, ngati chilungamo chikufuna kutero. Silifunsa za unzika. Mu Meyi 2023, othawa kwawo mazanamazana, ana omwe, anatsekeredwa kundende ya Maula ku Lilongwe asanawatengere kumsasa wa othawa kwawo wa Dzaleka. Gawoli linali kuwakhudza iwonso.

Amalawi nawo amasungidwa ku Lindela, ku South Africa, podikira kubwezedwa, ndipo abale awo kuno amafuna kuti amvedwe kaye. Kuchepa kwa maloya ndi chifukwa choti aphungu awonjezere ndalama za Legal Aid Bureau, kuti mbadwa ndi mlendo yemwe akhale ndi wowayankhulira pabwalo.