Kodi Ubwino wa Munthu Umayesedwa Pati?

Chaka ndi chaka achinyamata ambiri amasiya kwawo kupita ku maiko akutali kukagwira ntchito mongodzipereka. Anthu amawatamanda kuti ndi achifundo. Komatu funso lofunika ndi ili: kodi chifundo chimene chatha kuoloka nyanja chingathenso kupirira pokhala ndi anthu ena m'nyumba imodzi?

Midzi ya Camphill ingathandize kuyankha funsoli. M'chaka cha 1940 dokotala wa ku Austria, Karl König, amene anathawa nkhanza za Hitler, anatsegula sukulu ya ana aulumali wa ubongo pafupi ndi mzinda wa Aberdeen ku Scotland. M'chaka cha 1955 kunakhazikitsidwanso mudzi wa anthu akuluakulu wotchedwa Botton ku England. Mfundo yaikulu inali yakuti wothandiza ndi wothandizidwa azigona m'nyumba imodzi, azidyera pamodzi, ndiponso azigawana ntchito.

Wodzipereka wofika kumeneko amabwera ndi mtima wofuna kuchita zazikulu, koma zimene amapeza ndi zazing'ono. M'mamawa amathandiza mnzake kusamba ndi kuvala. Masana amaphika buledi, kukama ng'ombe kapena kupalira m'dimba. Madzulo mbale zakuda zimakhala zikumudikira. Mu Disembala dzuwa ku Aberdeen limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo chisanu chimapanikiza onse m'nyumba. Apa ndi pamene makhalidwe enieni amaonekera. Wina wasiya mphika osatsuka, wina waphika chakudya chosazolowereka, winanso akulankhula Chingerezi chovuta kumva. Zoonadi, walira mvula walira matope.

Ena amati zimenezi n'zachabe; chachikulu n'chakuti munthuyo anataya mtendere wa kwawo chifukwa cha anzake. Maganizo amenewa ali ndi nzeru yake, pakuti kusiya makolo ndi abale si chinthu chapafupi. Komabe ulendo munthu amausankha kamodzi, anthu akumuyamika, pamene kutsuka mphika wa mnzake amakusankha tsiku ndi tsiku popanda womuombera m'manja. Kukonda anthu osawadziwa n'kosavuta chifukwa iwo sakhumudwitsa. Chovuta ndi kukonda munthu amene wamaliza madzi otentha m'bafa.

Palinso phunziro lina la kudzichepetsa. Wodzipereka ambiri amakhala chaka chimodzi chokha, pamene amene iwo akuti akuwathandiza akhala pamudzipo zaka zambiri. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Kawirikawiri munthu waulumali uja ndiye amaonetsa mlendoyo pamene pamakhala makapu, ndiponso kumuphunzitsa kukanda ufa wa buledi. Wobwera kudzapereka amazindikira kuti nayenso ndi wolandira. Akakana kulandira, chifundo chake chimasanduka kudzikuza, ndipo wothandizidwa amalandidwa ulemu wake.

Pomaliza, ubwino wa munthu suyesedwa ndi kutalika kwa ulendo umene wayenda, koma ndi kudekha kwake kwa amene akupumira nawo mpweya umodzi. Mayeso amenewa safuna ndege kapena chiphaso choyendera. Wophunzira amene amazemba kusesa chipinda chogona kusukulu, kapena kusiyira mlongo wake mbale zonse kunyumba, sadzasanduka wachifundo pongofika ku Scotland. Khalidwe limene munthu ali nalo pakhomo ndi lomwe amanyamula paulendo.