NGONGOLE YA WOBWEREKA DZINA

Pali mtundu wa malonda umene Angerezi aucha franchise. Munthu apangana ndi kampani yaikuru kuti agulitse zinthu m'dzina lace. Cikwangwani ca pakhomo, zobvala za anchito ndi maphikidwe nza kampani, koma ndalama zoyambira, phindu ndi kutaya nza munthuyo. Ray Kroc anatsegula nyumba ya zakudya ya McDonald's ku Des Plaines, m'dziko la America, m'caka ca 1955, ndipo iwo amene anabwereka dzinalo kwa iye analipira magawo 1.9 mwa 100 ali onse a ndalama zolowa. Nyumba zina za zakudya ndi malo ena ogulitsira petulo m'Lusaka ndi m'Kitwe ayenda mwa njira yofanana ndi imeneyi.

Tsono malonda otere akayamba kugwa, mlandu ubuka. Mlimi wapereka mbatata ndi kabici miyezi itatu osalandira kanthu. Mmisiri anakhoma mashelefu, nauzidwa kuti abwere mawa. Anchito alindira malipiro ao. Onsewa anakhulupirira cifukwa anaona dzina lomveka pa cikwangwani. Kodi ngongole imeneyi nja yani?

Lamulo kawiri-kawiri liyankha kuti mwini dzina ndi wobwereka dzina ndiwo amalonda awiri osiyana, si bwana ndi wanchito wace ai. Iye amene anaitanitsa katundu ndiye wolipira. Koma lamulo lomwelo lisiyanso khomo lothawira. M'caka ca 1896, pa mlandu wa Aron Salomon, wosoka nsapato wa ku London, bwalo lalikuru la House of Lords linagamula kuti kampani yolembedwa iri ngati munthu payokha, ndi kuti ngongole zace siziri za mwini wace. Cotero wobwereka dzina amene analembetsa kampani yaceyace akhoza kuitseka, nyumba yace ndi galimoto yace osakhudzidwa.

Apa Mkristu akomana ndi mayesero awiri. Loyamba ndilo kubisala. Potenga katundu alola mlimi aganize kuti kampani yaikuru iri pambuyo pace, koma tsiku la kulipira aloza ku likulu lakutali kumene mlimi sangafike. Dzina linamthandiza kukongola, ndipo afuna kuti limthandizenso kukana. Kumeneko ndi kunama, ngakhale pakamwa pace sipanaturuke bodza.

Laciwiri ndilo kulipira wamphamvu poyamba. Mwini dzina alandira gawo lace pa ndalama zolowa, malonda apindule kapena ai, ndipo akapanda kulipidwa akhoza kucotsa cikwangwani. Banki iri nao maloya. Mlimi alibe coopsezera. Cifukwa cace ndalama zipita kwa ooopedwa, ndipo wosauka, amene ana ace afuna fizi ya sukulu, ndiye asanduka wokongoza wosafunsidwa. Buku la Levitiko, mutu 19, liletsa kugoneka malipiro a wolembedwa nchito kufikira m'mawa, ndipo Yakobo, mutu 5, acenjeza kuti malipiro omanidwa okolola amveka kwa Ambuye.

Wobwereka dzina angathe kudandaula kuti kampani ndiyo inamuuza mitengo, niimkakamiza kugula zipangizo zodula, niitenga gawo lace iye ali kumira. Dandaulo limeneli nthawi zina liri loona, ndipo ali nao ufulu wakulitengera kwa mwini dzina kapena ku bwalo. Mwini dzina nayenso, amene anadya phindu la cikhulupiriro ca anthu, ayenera kukumbukira Paulo, amene analembera Filemoni kuti mangawa a Onesimo awerengedwe kwa iye. Komatu mlimi sanakhale nao pa mapangano amenewo, ndipo sanaone kalata yace. Si cilungamo kuti mkangano wa anthu awiri ulipiridwe ndi wacitatu.

Njira yoongoka njodziwika, ingakhale iri yolemetsa. Wobwereka dzina auze ali yense kuyambira paciyambi kuti wogula ndiye mwini, si kampani ya pa cikwangwani. Akazindikira kuti sadzatha kulipira, aleke kuitanitsa katundu tsiku lomwelo, pakuti kutenga cinthu podziwa kuti sicidzalipiridwa kuli pafupi ndi kuba. Aitane onse amene ali nao mangawa, awaonetse mabuku ace, napangane nao za kubweza. Malonda akafika m'manja mwa bwalo, lamulo ndilo liika mndandanda wa olipidwa. Koma ngakhale bwalo litammasula, akadzapezanso bwino abwerere kwa mlimi ndi mmisiri ndi ndalama zao pang'ono-pang'ono, monga munthu wodziwa mwambi wa makolo wakuti mlandu suola.

Dzina lobwereka lidzabwezedwa kwa mwini wace tsiku lakutha mapangano. Dzina limene munthu anachedwa nalo pa ubatizo adzakhala nalo pamsika, m'mudzi ndi m'chalichi kufikira imfa, ndipo ndi lomwelo adzayankha kwa Mulungu za mbatata za mlimi uja.