Maso a Wokonda ndi Mbuzi za pa Phiri

Werengani sabata ino: Nyimbo ya Solomo 1:5, 6, 4:1-15, 5:10-16, Genesis 2:21-25. Vesi loloweza: Nyimbo ya Solomo 4:7.

Ambiri a ife tinabatizidwa, tinalowa m'banja, tinabala ana, koma sitinamvepo ulaliki wochokera m'buku la Nyimbo ya Solomo. Ngakhale ife abusa timalilambalala. Likatsegulidwa m'kalasi la Sukulu ya Sabata, achinyamata amakodolana, akuluakulu nazyolika. Komatu Mzimu amene anauzira Yesaya ndi Danieli ndiye anauziranso machaputala 8 amenewa (2 Timoteo 3:16), ndipo sitingamuchitire Iye manyazi pa zimene Iye mwini sanachite nazo manyazi.

Manyaziwa sanayambe ndi ife. Pakati pa Ayuda panali okayika ngati bukuli liyenera kukhala m'Malemba, koma mphunzitsi wawo Akiva, amene anafa cha m'ma 135, analiteteza kolimba, ndipo kufikira lero Ayuda amaliwerenga pa nyengo ya Paskha. Akhristu akale analimasulira monga fanizo la Khristu ndi mpingo. Bernard wa ku Clairvaux, amene anamwalira mu 1153, analalikira maulaliki 86 pa bukuli, koma imfa inampeza atangofika koyambirira kwa chaputala 3. Sitikukana kuti chikondi cha m'banja chimaloza kwa Khristu, pakuti Paulo anatero pa Aefeso 5:25-32. Koma fanizo limaima pa chinthu chenicheni. Tisanathamangire kumwamba, tiyambe taima pansi pomwe pano, timve mwamuna akuuza mkazi wake kuti ndi wokongola.

Taonani chaputala 4. Mwamunayo akuyerekeza tsitsi la mkazi wake ndi gulu la mbuzi zotsika pa phiri la Gileadi. Wowerenga wa m'tauni amaseka, nati: kodi nkuyamika kapena nkunyoza? Ife a kumapiri a Dowa ndi Ntchisi tilibe chifukwa chosekera. Tikatha kukolola, mbuzi zimene zinamangidwa dzinja lonse zimamasulidwa, nizikwera m'mapiri kukadya. Imani m'munsi mwa phiri la Kongwe dzuwa likupendeka, muzione zikutsika: sizitsika pa mzere umodzi, koma zimayenderera pa matanthwe ngati madzi, izi zikukhotera uku, izo uko, phiri lonse nkumaoneka ngati likuyenda. Gileadi linali dziko la msipu kum'mawa kwa Yordano (Numeri 32:1), ndipo mbuzi za kumeneko zambiri ndi zakuda. Chimene anaona mwamunayu ndi tsitsi lakuda likugwera pa mapewa, likugwedezeka mkaziyo akatembenuka. Sananene kuti mkaziyo akufanana ndi mbuzi. Anatenga chinthu chimene chimakondweretsa mtima wa mbusa wa ziweto koposa zonse, chuma chake chikubwerera ku khola chathunthu, nanena kuti mtima wake umatero akamuona mkazi wake.

Manonso akuwayerekeza ndi nkhosa zometedwa zochokera kosambitsidwa, iliyonse ili ndi inzake. Ndiko kuti ndi oyera, ndipo palibe dzino logweruka. Koma funsani ichi: mano a munthu amaoneka liti? Amaoneka akamaseka. Mkazi ameneyu akumwetulira pamaso pa mwamuna wake, alibe mantha. Milomo, masaya, khosi lowongoka ngati nsanja ya Davide, zonse akuzitchula chimodzichimodzi kuchokera kumutu kutsika m'munsi, mosafulumira, ngati munthu woyendera munda wake wobala. Mu 1873, J. G. Wetzstein, amene anali kazembe wa dziko la Prussia ku Damascus, analemba za maukwati a alimi a ku Syria: phwando la masiku 7, mkwati ndi mkwatibwi akulemekezedwa ngati mfumu ndi mfumukazi, anthu akuimba nyimbo zotchula kukongola kwa chiwalo chilichonse. Izi zinathandiza ophunzira Baibulo kuona kuti mawu otere ali ndi malo ake, ndiwo ukwati. Ndipo si mwamuna yekha amene akuyamika; pa 5:10-16 mkaziyo akubwezera, namtchula mwamuna wake bwenzi lake.

Kodi mkazi woyamikidwayu ndani? Pa 1:5, 6 akudzifotokoza yekha. Khungu lake ndi lakuda, dzuwa lamuwamba, pakuti alongo ake anamuika kuti azisunga minda yamphesa, nasowa mpata wodzisamalira. Ameneyu timamudziwa. Ndi mayi amene amapalira mtedza ndi soya kuyambira mbandakucha, natsika phiri atasenza mtolo wa nkhuni, zikhato zake zitakhakhala ndi mpini wa khasu. Za mkazi woteroyo mwamuna wake akuti alibe chilema. Izi ziyenera kutichititsa manyazi ife amene talola ana athu aakazi kukhulupirira kuti kukongola ndiko kuyera khungu, kufikira akudzola mafuta osupula nkhope imene Mulungu anaiumba. Mwana amene sanamvepo bambo ake akuyamika mayi ake adzapita kukafunsa ku msika kuti kukongola nchiyani.

Pochezera mabanja m'midzi yathu, dandaulo limene timalimva kawirikawiri kwa amayi si la njala kapena la chitenje. Amati: kuyambira pamene ndinabala mwana woyamba, abambo a kunyumba sanandiyang'anenso kumaso. Mwamuna akafunsidwa pamaso pa ankhoswe amadabwa, nati: kodi sindigula mchere ndi sopo? Timamvetsa kuti mwambo wathu umatiphunzitsa ulemu, ndipo mkamwini wokhala pakati pa apongozi sangayamike mkazi wake pa bwalo. Malemba sakutiuza kutero. Koma ulemu wa pa bwalo sunaletse mawu okoma m'nyumba chitseko chitatsekedwa. Ellen G. White, m'buku lake la The Ministry of Healing la mu 1905, analangiza okwatirana kuti asasiye kusamalirana kumene anali nako pa chiyambi. Chodabwitsa nchakuti lilime lomwelo limene limauma kunyumba limamasuka pa Mponela zokolola zikagulitsidwa, likuyamika mwana wa eni. Manda amene tinakumba m'zaka za m'ma 1990, pamene Edzi inalowa pafupifupi m'mudzi uliwonse, akuchitira umboni kumene njira imeneyo imathera.

Apa ndi pamene nyimboyi imasiyana ndi chilakolako chimene Yesu anachitsutsa pa Mateyu 5:28. Pa 4:12 mkaziyo akutchedwa munda wotsekedwa ndi kasupe womatidwa chizindikiro, ndipo pa 4:16 ndi mkaziyo mwini amene akuitana mwamuna kulowa. Wosirira amayang'ana akazi ambiri ndipo saona ngakhale mmodzi; mwamuna wa m'nyimboyi akutchula mafumukazi 60 ndi akazi aang'ono 80, nasankha mmodzi yekha (6:8, 9). Zachisoni nzakuti Solomo, amene analemba nyimbo 1,005 (1 Mafumu 4:32), sanayende m'mawu ake omwe. Anakhala ndi akazi 700 ndi akazi aang'ono 300, ndipo atakalamba iwo anapotoza mtima wake (1 Mafumu 11:3, 4). Luso la pakamwa silinamupulumutse.

Ife osunga Sabata timakonda kunena kuti mphatso ziwiri zinatuluka m'Edene, Sabata ndi ukwati. Tizikumbukiranso dongosolo lake. Mawu oyamba a munthu amene analembedwa m'Malemba ndi chimwemwe cha Adamu poona Hava (Genesis 2:23), ndipo anawalankhula tsiku lachisanu ndi chimodzi, dzuwa lisanalowe. Sabata loyamba linapeza mwamuna atayamika kale mkazi wake. Lachisanu madzulo timasesa pabwalo, timasita zovala, timatsekera mbuzi m'khola, kenaka timatsegula Sabata ndi nyimbo, nthawi zina mwamuna ndi mkazi atakhala pa mphasa imodzi osalankhulana kuyambira Lachiwiri.

Zokambirana m'kalasi: Miyambo 5:18 ikulamula mwamuna kukondwera ndi mkazi wa ubwana wake, ndipo lamuloli silitha imvi zikamera. Mwamuna amene wakhala m'banja zaka 40, mkazi wake mano atagweruka ndipo msana utapindika ndi khasu, angamuuze chiyani chimene chili choona? Amayi achikulire a m'kalasi ayambe ndiwo kuyankha.